Ku Ulaya kutsegula loko popanda kiyi ndi masewero

Munthu atapezeka pa msika wa Lizulu kapena pa Calómuè ali ndi tizitsulo tosongoka m'thumba, iye n'kuvomera yekha kuti timeneto amatsegulira maloko popanda kiyi, sangafike m'manja mwa apolisi asanalawe zibakera. Koma ku Germany, dziko lomwe pa Chipwitikizi amati Alemanha, ndi ku Holland, kuli anthu aulemu wawo, ena a imvi kumutu, amene amasonkhana madzulo ataweruka ku ntchito, n'kukhala mozungulira tebulo lodzaza ndi maloko, kumapikisana kuti aone amene atsegule msanga. Tizitsulo togwirira ntchitoyi ambiri a iwo amapala okha kunyumba. Akatsegula loko sapeza kanthu kuseri kwake chifukwa lokoyo sali pa chitseko chilichonse. Amangomutsekanso n'kupatsira mnzawo kuti nayenso ayese.

Kalabu ya ku Germany idayamba m'chaka cha 1997 mu mzinda wa Hamburg, ndipo mmodzi mwa oyambitsa ake adali a Steffen Wernéry. Dzina lake ndi lalitali, mwachidule amangoti SSDeV, ndipo idalembetsedwa ku boma monga momwe amalembetsera kalabu ya mpira. Ku Holland kuli gulu lotchedwa TOOOL, lomwe lidadziwika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo pambuyo pake lidafalikira mpaka ku America. Magulu amenewa amachititsa mipikisano yomwe wina amagwira wotchi n'kumawerenga mphindi. Ambiri mwa mamembala ndi anthu a ntchito za makompyuta, amisiri a makina ndi ophunzira a m'sukulu zapamwamba.

Ali ndi malamulo awiri omwe aliyense wolowa kumene amauzidwa asanagwire chida. Loyamba ndi lakuti asatsegule loko amene si wake, pokhapokha mwini wake atamuloleza. Lachiwiri ndi lakuti asaseweretse loko amene akugwira ntchito, ngakhale atakhala wa pa chitseko chake chomwe, chifukwa loko woseweretsedwa amatha kuwonongeka m'kati, mwini wake n'kugona panja.

Zomwe zili m'mimba mwa loko

Kuti zimveke zomwe anthuwa amachita, ndi bwino kuyamba ndi loko wamba wa mkuwa kapena wachitsulo amene amagulitsidwa m'masitolo a ku Ulongué, amene pa Chipwitikizi amatchedwa cadeado. Pomwe pamalowa kiyi pali kachitsulo kobulungira komwe kamazungulira limodzi ndi kiyiyo. Kameneka ndi mtima wa loko. Mtimawu ukazungulira, khosi la loko, chitsulo chopindika cha pamwamba chija, limamasuka. Chomwe chimauletsa kuzungulira ndi tizikhomo ta mkuwa tondandalikana m'timabowo, tiwiritiwiri m'bowo lililonse, kena pamwamba pa kanzake, ndipo pamwamba penipeni pali kasipuling'i kokankhira pansi. Kiyi kulibe, tizikhomo ta pamwamba timatsikira pakati pa mtima ndi thupi la loko, n'kupinga monga momwe mpiringidzo umapingira chitseko.

Mano a kiyi ndi aatali mosiyanasiyana chifukwa tizikhomo ta pansi natonso ndi totalika mosiyana. Kiyi woyenera akalowa, dzino lililonse limakweza kachikhomo kake kufika pa mlingo umodzi, pomwe mtima umalekezera, ndipo mtimawo umazungulira popanda chopinga. Dzino limodzi likangochepa kapena kupitirira pang'ono, loko amakana.

Nzeru imeneyi si ya lero ndipo si ya azungu okha. Maloko a mtengo okhala ndi tizikhomo togwera m'mabowo a mpiringidzo ankapangidwa ku Egypt kalekale, ndipo a Dogon ndi a Bamana a ku Mali akhala akusema maloko a mtundu womwewo, okongoletsedwa ndi zifanizo za anthu ndi nyama, n'kumaika pa tizitseko ta nkhokwe zawo za mapira. Amene adachepetsa nzeruyi kuti ikwane m'kachitsulo kolowa m'manja ndi a Linus Yale aang'ono a ku America, omwe m'zaka za 1861 ndi 1865 adalembetsa loko wa kiyi wophwatalala wa mano, wofanana ndi amene amayi ambiri amamangirira pa nsonga ya chitenje masiku ano.

Nanga loko ameneyu amatsegulidwa bwanji popanda kiyi? Yankho lili ku fakitale. Palibe makina amene angaboole timabowo tonse tija pa mzere umodzi ndendende. Kamodzi kamapatuka pang'ono, mwina ndi mlingo wochepera tsitsi la munthu. Choncho mtima wa loko ukapotoledwa pang'onopang'ono, si tizikhomo tonse timene timapanikizika nthawi imodzi. Kamayamba kamodzi, kenako kena, kenako kena. Wosewera uja amafufuza kachikhomo kopanikizikako ndi chala kudzera m'kachitsulo kake, maso osaona kanthu, ena amachita kutsinzina. Pamene fakitale idachita mphwayi kwambiri, m'pamenenso loko amaulula msanga chinsinsi chake. N'chifukwa chake loko wotsika mtengo kwa anthu amenewa ndi wa ana ophunzira, pomwe loko wopangidwa mosamala amatha kumusunga munthu milungu ingapo pa tebulo.

Zida zochokera kudzala

Zida zenizeni ndi ziwiri basi: kachitsulo kopindika kopotolera mtima wa loko, ndi kachitsulo kopyapyala kokhala ndi kangowe kunsonga kokwezera tizikhomo. Zimagulitsidwa m'masitolo a ku Ulaya ndi ku America, koma pakati pa osewerawa ulemu waukulu umapita kwa amene wapanga zake.

Chodabwitsa n'chakuti anthu a m'maiko olemera chonchi amakatola zipangizo zawo kudzala. Chomwe amachikonda kwambiri ndi tizitsulo tiwiri tatitali tomwe timakhala m'mphepete mwa mphira wa chopukutira galasi la galimoto. Mphirawo ukatha, amakaniko amataya chonse, osewera maloko n'kumakapempha pa galaja. Chitsulo chake sichichita dzimbiri ndipo chikapindika pang'ono chimabwerera. Ena amayenda m'mphepete mwa misewu ya m'tauni m'mamawa kutola timizere tachitsulo tothothoka ku maburashi a galimoto zosesa misewu. Ena amagwiritsa ntchito mpeni wakutha wa sowo yodulira zitsulo, ena tizitsulo topyapyala tomwe amakaniko amayezera mpata wa mapulagi. Kabuku kotchedwa MIT Guide to Lock Picking, komwe kadafalitsidwa m'chaka cha 1991 ndi munthu wobisa dzina lake lenileni, ndipo kadakopa anthu ambiri kuyamba masewerowa, kamatchulanso masipoko a njinga.

Kupala kwake n'kofuna mtima wodekha. Munthu amajambula kaye maonekedwe a chidacho pa chitsulo, kenako amayamba kuchotsa zosafunika ndi tupa kapena pa gudumu lonolera. Akamagwiritsa ntchito gudumu amaviika chitsulocho m'madzi pafupipafupi, popeza chitsulo chopyapyala chikatentha mpaka kusintha mtundu chimafewa, ndipo ntchito yonse imapita pachabe. Wosula makasu aliyense wa ku Dómuè akudziwa zimenezi popanda womuuza. Kukhuthala kwa chidacho kumakhala pafupifupi theka la milimita, ndipo kwa maloko a ku Ulaya, omwe njira yawo ya kiyi ndi yopapatiza ndi yokhotakhota, chimayenera kupyapyala kuposa pamenepo. Chikapyapyala mopitirira chimathyokera m'kati mwa loko. Chikakhuthala sichilowa.

Gawo lomwe limadya nthawi yaitali ndi losalaza. Amakwecha ndi sandipepa wokhakhala, kenako wosalala, kenako wosalala koposa, mpaka chitsulocho chiziwala ngati kalilole. Si kukongoletsa chabe ayi. Chida chokhakhala chimakodwa pa tizikhomo ndipo chimanamiza chala, munthu n'kumayesa wamva kachikhomo pomwe wamva zipsera za tupa. Pomaliza amaika chigwiriro cha mtengo, cha nyanga kapena cha mkuwa, ndipo ena amakometsera kwambiri mwakuti chidacho chimasanduka chongoonetsa alendo. Amene adaonapo mnyamata wa kumudzi akupinda mawaya tsiku lonse kuti galimoto yake ikhale ndi chiwongolero chokhota bwino kuposa ya anzake, kapena mmisiri akusandutsa chitini chotayidwa kukhala koloboyi, sangavutike kumvetsa mtima umene umawagwira azungu amenewa. Ndi mtima womwewo, kungoti iwo adaugwetsera pa maloko.

Komabe chida pachokha sichitsegula kanthu. Zomwe amaonetsa m'mafilimu, munthu n'kungolowetsa kawaya kamodzi chitseko n'kutseguka nthawi yomweyo, osewerawa amaziseka. Luso lili m'zala, ndipo limabwera pakatha miyezi munthu akulephera. Opanga maloko abwino nawonso sadagone. Amaikamo tizikhomo tosemedwa mwachinyengo, tina tokhala ndi chiuno chopyapyala, tina ta mizeremizere, tomwe timamupangitsa wotsegulayo kuganiza kuti wafika pomwe sadafike.

Palinso mpikisano wina womwe amisiri odula makiyi m'matauni angaukonde. Wopikisana amapatsidwa loko, kiyi wopanda mano ndi tupa. Amalowetsa kiyiyo, kumugwedeza, kumutulutsa, n'kuyang'anitsitsa timadontho tosaoneka bwino tomwe tizikhomo tasiya pa mkuwa, n'kupala pamenepo pang'ono. Amabwereza chomwecho mpaka kiyi wopanda mano uja atasanduka kiyi weniweni wa lokoyo. Akatswiri a ku Holland ndi ku Germany amatha kumaliza zimenezi m'mphindi zowerengeka.

Popeza mafoni a intaneti afika m'midzi ndipo achinyamata akuonera zinthu zotere, mpofunika kunena poyera kuti lamulo silifanana m'maiko onse. Ku Germany ndi ku Holland kukhala ndi zida zimenezi si mlandu. Ku Japan lamulo la m'chaka cha 2003 limaletsa kukhala nazo popanda chifukwa chomveka, ndipo lidabwera kuba kotsegula maloko kutachuluka. Ku England munthu wopezeka nazo kunja kwa nyumba yake ndi cholinga chakuba akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 3. Kuno ku Moçambique chida chotere chimatchedwa gazua, ndipo lamulo limachiika m'gulu la makiyi abodza; kuba pogwiritsa ntchito kiyi wabodza kapena pothyola chitseko chilango chake n'chokulirapo kuposa kuba wamba. Ku Malawi nako munthu wopezeka usiku ndi zida zothyolera nyumba popanda chifukwa chomveka amayankha mlandu. Ndipo lamulo lisanafike, pamakhala anthu a m'mudzi, omwe sadzafunsa za kalabu ya ku Hamburg.

Mlendo wa kalumo kakuthwa

Mkangano wakuti kodi n'koyenera kuulula kufooka kwa loko udayamba kale, ndipo nkhani yake yotchuka idachitikira ku London. Kumeneko kudali mmisiri wina, a Joseph Bramah, amene m'chaka cha 1784 adalembetsa loko wa mtundu watsopano. Pokhulupirira ntchito ya manja awo, adaika loko mmodzi pa windo la sitolo yawo ku Piccadilly ndi chikwangwani cholonjeza 200 guineas, omwe ndi mapaundi 210, kwa aliyense amene angapange chida chomutsegulira. Zidali ndalama zambiri zedi pa nthawiyo. A Bramah adamwalira m'chaka cha 1814 lokoyo ali chitsekekere, ndipo adakhalabe pa windopo kwa zaka zina zambiri. Padalinso loko wa a Jeremiah Chubb wa m'chaka cha 1818, amene adapangidwa mwakuti wina akayesa kumuseweretsa amauma gwa, mwini wake pobwera ndi kiyi n'kudziwa kuti padafika munthu. Angelezi ankagona tulo tofa nato podalira maloko awiriwa.

Paja akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. M'chaka cha 1851, pa chionetsero chachikulu cha za malonda ndi luso chomwe chidachitikira mu mzindawo, kudafika a Alfred Charles Hobbs a ku America, wogulitsa maloko a kampani ya Day & Newell ya ku New York. Njira yawo yotsatsira malonda idali yosavuta kumva: ankatsegula loko wa kampani ina pamaso pa mwini banki, kenako n'kutulutsa wawo. Loko wa Chubb adamutsegula pa mphindi pafupifupi 25, mboni zikuonerera. Wa Bramah adawavuta. Adapatsidwa chipinda pamwamba pa sitolo, ndipo ndi zida zopanga okha adalimbana naye maola 51 m'masiku 16 mpaka adatseguka. Eni kampani adadandaula kuti mbava yeniyeni singapatsidwe masiku 16 ndi chipinda chabata, ndipo pamenepo sadaname, koma oweruza adalamula kuti ndalama ziperekedwe. Loko ameneyo akusungidwa ku Science Museum mu London momwemo.

Anthu ambiri adakwiya nawo a Hobbs, kunena kuti akuphunzitsa mbava. Buku lina la za maloko la m'chaka cha 1853, lochokera pa zolemba zawo, lidayankha kuti mbava zimadziwa kale ntchito yawo ndipo zimaphunzitsana zokhazokha, kotero amene amatsala mu mdima chinsinsi chikabisidwa ndi mwini katundu yekha. A Hobbs adakhazikika ku London n'kutsegula kampani yawo ya maloko. M'chaka cha 1854 mmisiri wina wa kampani ya Chubb adatsegula loko wa a Hobbs popanda kiyi, ngongole n'kubwezedwa.

Zomwe zidachitika m'zaka zaposachedwa zikuwaikira kumbuyo a Hobbs. M'mwezi wa Sepitembala 2004 ku America kudafala pa intaneti kanema woonetsa loko wa njinga wa kampani ya Kryptonite, wodula ndi wotamandidwa, akutsegulidwa ndi chubu cha cholembera cha Bic. Kufooka kumeneku kudali kutalembedwa kale m'magazini ina ya okwera njinga ku England m'chaka cha 1992, koma kwa zaka 12 maloko a mtunduwo adapitirira kugulitsidwa. Anthu ataona ndi maso awo, kampaniyo idakakamizika kusintha maloko oposa 300,000 kwaulere. M'chaka cha 2005 a Barry Wels a gulu la TOOOL ndi a Rop Gonggrijp adalemba poyera za njira ina yogogoda kiyi wodulidwa mwapadera, yomwe amisiri ena ankaidziwa kale mwakachetechete, ndipo adaonetsa kuti imatsegula ngakhale maloko ena odula. Opanga maloko adang'ung'udza, kenako adayamba kukonza. Masiku ano pa YouTube pali munthu wa ku America wodzitcha LockPickingLawyer, amene amaonetsa manja ake okha, ndipo omutsatira ndi oposa 4 miliyoni. Maloko ambiri olembedwa mawu odzitama pa chikuto amawatsegula kanema asanathe mphindi ziwiri.

Sikuti odandaula aja alibe mfundo. Kanema amene akuonera mwini golosale, mbava nayonso ikuonera, ndipo munthu wosauka sangasinthe loko tsiku lomwe wamva kuti ndi wofooka. Koma poyerekeza ziwirizi, kubisa kumapindulira wogulitsa yekha, amene amapitiriza kulandira ndalama ya loko wabwino pa loko wachabechabe.

Nanga wa pa chitseko cha golosale?

Apa m'pamene masewero a azungu akukhudza mlimi wa ku Tsangano. M'midzi yambiri ya mbali zonse ziwiri za malire anthu adasiya kusunga chimanga chonse m'nkhokwe ya panja poopa akuba. Matumba a chimanga, a nyemba ndi a feteleza akugona m'nyumba, pamodzi ndi njinga, njinga yamoto ndi batire ya sola. Chuma cha chaka chonse chikulonderedwa ndi kachitsulo kamodzi kogulidwa pa msika, nthawi zambiri kosankhidwa chifukwa kadali kotsika mtengo kuposa tinzake.

Choyamba chomwe osewera maloko amayang'ana ndi chiwerengero cha tizikhomo, ndipo munthu wamba akhoza kuchiyerekeza powerenga mano a kiyi asanagule. Masamu ake ndi awa. Loko wa tizikhomo 5, dzino lililonse likakhala ndi milingo 10 yoti lingadulidwe, pa pepala angakhale ndi makiyi osiyana 100,000. Loko wa tizikhomo 4 wa milingo 4 yokha sangapitirire makiyi osiyana 256. Fakitale ikapanga maloko otere zikwizikwi n'kuwatumiza m'makatoni, ena mwa iwo amakhala mapasa, ndipo mapasawo akhoza kugulidwa pa msika umodzi ndi anthu a m'mudzi umodzi. Nkhani zija zakuti kiyi wa uje adatsegula nyumba ya uje, anthu n'kuyamba kuganizirana za mankhwala ndi zitumwa, kawirikawiri gwero lake ndi masamu amenewa.

Pali maloko ena otsikirapo omwe alibe n'komwe tizikhomo. Kiyi wake amakhala ndi mano ofanana mbali zonse ziwiri, odulidwa mwamakona, ndipo m'kati mwa loko muli timipanda chabe tomwe kiyi amazemba pozungulira. Oterewa ndi oyenera pa sutukesi ya mwana wa sukulu, osati pa chitseko chosunga mbewu. Kulemera kwa loko m'manja nakonso kusanamize munthu, popeza thupi likhoza kukhala lalikulu ngati njerwa, mtima wake uli wa tizikhomo titatu.

Komabe osewera maloko eni ake amavomereza chinthu chimodzi: mbava zambiri sizitaya nthawi ndi tizikhomo. Kutsegula loko mwaluso kumafuna kuwala, bata ndi kuleza mtima, zomwe munthu wakuba usiku, agalu akuuwa, alibe. Iye amabwera ndi chitsulo chokanulira kapena chodulira, kapena amangoboola khoma la zidina kuseri. Choncho loko wabwino pa chitseko chofooka ndi kutaya meticais. Malo oyamba kugonja amakhala chitsulo chokolekapo loko chija. Chikakhomedwa ndi misomali, chimazuka ndi kukanula kumodzi. Chikamangidwa ndi masikuluwu oonekera kunja, wakuba amangomasula mwaulemu, loko ali chitsekekere, ndipo ena amabwezeretsa pochoka. Chofunika ndi mabawuti a mutu wosalala opyoza chitseko, manati ake ali m'kati mwa nyumba, ndipo chitsulocho chizivundikira mitu yake chikatsekedwa. Mahinjesi nawonso akhale m'kati, ndipo felemu ikhale yogwira khoma zenizeni, osati yongotsamira.

Khosi la loko likhale lokhuthala ndi lalifupi. Khosi lalitali limaoneka lothandiza chifukwa limakwana paliponse, koma limasiya mpata wolowetsapo chitsulo. Alipo maloko obulungira ngati mbale yaing'ono omwe khosi lawo limabisika pafupifupi lonse, ndipo amenewa amavuta kudula. Kwa amene angakwanitse, kuli mtundu wina womwe udayambitsidwa ndi a Emil Henriksson a ku Finland m'chaka cha 1907, wodziwika ndi dzina la Abloy, womwe m'malo mwa tizikhomo ndi timasipuling'i uli ndi timbale tozungulira. Umapirira fumbi ndi mvula, ndipo ngakhale akatswiri a mipikisano amaulemekeza. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo otsanzira ake otsika mtengo, omwe kiyi wawo amafanana nawo, alibe mphamvu yofanana.

Za fumbi, loko akayamba kuuma anthu ambiri amathiramo mafuta ophikira kapena oyilo wakuda wa galimoto. Kwa masiku ochepa amafewa, kenako mafutawo amagwira fumbi la m'chilimwe n'kusanduka phala lomwe limamata tizikhomo. Amisiri amalangiza kupala mtovu wa pensulo pa mano a kiyi n'kumulowetsa kangapo. Ndiponso kiyi wadulitsidwa kuchokera kwa kiyi wina wodulitsidwa, amene naye adachokera kwa wina, amanka nataya mlingo mpaka loko amamukana, kotero ndi nzeru kusunga mmodzi mwa makiyi a ku fakitale osamugwiritsa ntchito, kuti akhale wodulitsira ena.

Wodziwa chinsinsi

Mwa anthu onse amene adakondapo maloko ngati masewero, wotchuka koposa ndi mfumu Louis XVI ya ku France. Idali ndi chipinda chake chosulira m'nyumba yachifumu ya Versailles, momwe inkathera maola ikupala makiyi ndi kumasula maloko, manja ali bii, nduna zikudikira panja. Mphunzitsi wake adali mmisiri wotchedwa François Gamain. Dziko litagwedezeka ndi kuukira kwa anthu wamba, mfumuyo idafuna pobisa makalata ake achinsinsi, ndipo idaitana Gamain kuti aithandize kuika kabati ya chitseko chachitsulo m'khoma la nyumba yachifumu ya Tuileries mu Paris. Kabatiyo idabisika bwino, ndipo palibe amene adaithyola kapena kuitulukira mwangozi. M'mwezi wa Novembala 1792 Gamain yemweyo adapita kwa nduna Roland n'kukaulula malo ake. Makalata opezeka m'menemo adagwiritsidwa ntchito pa mlandu wa mfumuyo, yomwe idadulidwa mutu pa 21 Januwale 1793.

Vuto la Louis XVI likudziwika bwino m'chigayo chilichonse, m'sitolo ya gulu la alimi ndi m'kabati ya ndalama za mpingo: katundu amasowa loko ali bwinobwino, ndipo onse amene adagwirapo kiyi amayamba kuyang'anana. Kiyi wobwerekedwa kwa ola limodzi pa tsiku la msika akhoza kubwera ali ndi m'bale wake amene mwini sakumudziwa. Kiyi wosiyidwa pansi pa mwala wa pakhomo kapena pamwamba pa felemu amadziwika ndi mudzi wonse pasanathe mwezi. Kiyi akatayika, kapena wantchito amene ankamusunga akachoka mokangana, chotsika mtengo ndi kugula loko wina, osati kudulitsa kiyi wina.

Yankho labwino pa vuto limeneli silidachokere ku Hamburg kapena ku London. Lidachokera kwa amayi a m'midzi ya ku Niger, kumene m'chaka cha 1991 bungwe la CARE lidayambitsa magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, omwe tsopano afalikira mpaka kuno, ku Malawi n'kumatchedwa banki m'khonde. Ndalama za gulu zimasungidwa m'bokosi lachitsulo lokhala ndi maloko atatu, kawirikawiri maloko wamba omwe katswiri wa ku Holland angatsegule asanamalize kumwa tiyi. Makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu a nyumba zosiyana, bokosi limatsegulidwa pamaso pa gulu lonse tsiku la msonkhano, ndalama zimawerengedwa mokweza, ndipo amene amagona ndi bokosilo kunyumba kwake sapatsidwa kiyi ngakhale mmodzi.